Chamba cha m'nyumba chikafota, musayambire kugwira kheni

Chamba cholimidwa m'chipinda kapena m'shedi ya pulasitiki chikagwetsa masamba, dzanja la mlimi limathamangira kheni yothiririra. Kuno ku Mangochi n'zomveka, chifukwa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo pansi pa malata kumaposa pamenepo. Koma mbewu yomwe ili ndi ludzu ndi mbewu yomwe yamira m'madzi zimaoneka pafupifupi chimodzimodzi ukaima pakhomo. Yoyamba madzi amaipulumutsa m'maola ochepa, yachiwiri madzi omwewo amaimaliza. Nkhani yonse yagona pa kudziwa chomwe chikuchitika m'mphika musanathiremo kanthu.

Tikunena za alimi ndi makopaletivi omwe ali ndi chiphaso. Lamulo la Cannabis Regulation Act lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2020 limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene apatsidwa chilolezo ndi bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Wopanda chiphaso, ngakhale mtengo umodzi kuseri kwa chitseko, ndi mlandu.

Tsamba limaima njo chifukwa cha madzi omwe adzaza m'kati mwake. Madziwo amalowa ku mizu, kukwera ndi thunthu, n'kutuluka ngati nthunzi pa timabowo ting'onoting'ono tomwe tambiri tili kunsi kwa tsamba. Otuluka akachuluka kuposa olowa, tsamba limagwa. Ndiye pali mafunso atatu okha: madzi m'dothi mulibe kodi, kapena alimo koma mizu ikulephera kuwakoka, kapena mpweya wa m'chipinda ukuwalanda mofulumira kuposa momwe mizu ingakwanitsire? Matenda, feteleza, kutentha, zonse zimagwera mu limodzi mwa mafunso amenewa.

Musanade nkhawa, yang'anani wotchi. Chamba chimatsitsa masamba pang'ono chokha kukatsala ola limodzi kapena awiri kuti magetsi ounikira mbewu azimitsidwe, ndipo chimakhala choncho mumdima. Chikadzuka chili chowongoka magetsi atayaka ola limodzi, palibe vuto. Nthawi yabwino yoyendera mbewu ndi yomweyo, patapita ola limodzi kapena awiri chiyatsireni magetsi, kenako n'kubweranso dzuwa lili paliwombo. Chofota masana okha n'kudzuka madzulo chikulozera ku kutentha kapena mphika wochepa. Chofota kuyambira m'mawa dothi lili lonyowa chikulozera ku mizu, ndipo chimenecho n'chofunika kuchiopa.

Nyamulani mphika

Palibe chipangizo choposa kulemera kwa mphika. Mukathirira mokwanira, dikirani mphindi 30 kuti madzi otsala atuluke, kenako nyamulani mphikawo kapena muuike pa sikelo n'kulemba kulemera kwake pa mphika pomwepo. Sankhani mphika umodzi woyesera, muusiye uume mpaka masamba atangoyamba kulefuka, n'kuuyezanso. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiwo madzi omwe mbewu ingagwiritse ntchito. Nthawi yothirira ndi pamene theka la madzi amenewo, kapena kupitirira pang'ono, lachoka. Pakatha sabata ziwiri dzanja limazolowera, sikelo siifunikanso.

Chala chimathandiza koma chimanamiza. Mu mphika wa malita 15, masentimita 3 apamwamba amatha kuuma gwaa chifukwa cha fani pamene pansi pali matope. Lowetsani chala mpaka masentimita 5, ndipo gwiraninso dothi kudzera pa mabowo a pansi pa mphika. Kamtengo kosenda kolowetsa mpaka pansi, kosiyidwa mphindi zisanu, kamatuluka kakuda ndi konyowa ngati pansi pakadali madzi.

Kenako gwirani tsamba. La ludzu limakhala lopyapyala, lofewa, ndipo kaphesi kake kamalendewera limodzi ndi nsonga ya nthambi. La mbewu yothiriridwa mopitirira limakhala lokhuthala, lolemera, lozizira m'manja. Kaphesi kamakhala kolimba koma tsamba lonse lapindikira pansi. Pakapita masiku, masamba a m'munsi amayamba chikasu, ndipo pamwamba pa dothi pamamera ndere zobiriwira.

Za ludzu sitichedwapo, koma pali msampha umodzi. Dothi la manyowa ambiri likauma kwambiri limanyala n'kusiyana ndi khoma la mphika, ndipo limakana madzi. Mukathira, madzi amadutsa m'mphepete n'kutuluka pansi nthawi yomweyo, inu n'kumati mwathirira. Mukanyamula mphika mumapeza ukadali wopepuka. Zikatero uimikeni m'beseni la madzi ofika gawo limodzi mwa magawo atatu a mphikawo kwa mphindi 20 mpaka 30, uyamwe kuchokera pansi. Ngati mphika ndi waukulu woti sungalowe m'beseni, thirani theka la lita, dikirani mphindi 10, thiraninso, mpaka kulemera kubwerere. Madzi akhale opanda feteleza, chifukwa mizu youma imapsa msanga. Mbewu yotere imadzuka pakati pa ola limodzi ndi maola 6. Ikafika m'mawa isanadzuke, ludzu silinali lokha.

Madzi ochuluka m'dothi lotentha

Apa m'pamene mbewu zambiri zimathera kuno kunyanja. Mizu imapuma. Imafuna mpweya wa okosijeni womwe umakhala m'timipata ta dothi, ndipo madzi akadikha m'timipatamo, timizu toyera tosaoneka bwino ndi maso, tomwe ndito timamwa madzi, timafa m'masiku awiri kapena atatu. Mbewu imafota ili m'madzi. Kutentha kumaonjezera vutoli mbali ziwiri: mizu yotenthedwa imafuna okosijeni wambiri, pamene madzi ofunda amasunga wochepa. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imasunga mamiligalamu pafupifupi 9 a okosijeni, koma a madigiri 30 amasunga pafupifupi 7.5. N'chifukwa chake madzi a m'thanki yakuda yomwe yakhala padzuwa tsiku lonse si oyenera kuthirira. Tungirani m'migolo usiku, muiike pamthunzi, muthirire m'mawa madzi akadali ozizira. Oyandikira madigiri 20 mpaka 22 ndiwo abwino.

Kuthirira mopitirira sikutanthauza madzi ambiri tsiku limodzi ayi. Ndi kuthirira pafupipafupi dothi lisanapume. Mlimi wothira kapu imodzi m'mawa ndi madzulo tsiku ndi tsiku amawononga kwambiri kuposa wothira malita 3 kamodzi n'kudikira. Mbande yaing'ono yowokeredwa mu mphika wa malita 20 ili pangozi yomweyi, poti mizu yake siingamalize madzi onse ali mmenemo. Yambirani m'machubu kapena miphika ya lita imodzi, kenako malita 4 kapena 5, kenako wotsiriza. Ndipo ndondomeko yothirira ya mu Okutobala musaitengere mu Juni. Nthawi ya mwera usiku umazizira, makamaka kumtunda monga ku Namwera, simenti imazizira, mbewu imamwa pang'ono, ndipo mphika womwe unkauma m'masiku awiri umatenga anayi kapena asanu. M'nyengo ya mvula n'chimodzimodzi chifukwa cha chinyontho cha mumpweya.

Mukaona kuti vuto ndi limeneli, lekani kuthirira. Tayani madzi a m'mbale ya pansi pa mphika, kwezani mphikawo pa njerwa ziwiri kuti mabowo apume, ndipo ngati mabowo ndi ochepa boolani ena a sentimita imodzi, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, pansi ndi m'mbali cham'munsi. Palasani pang'ono sentimita imodzi ya pamwamba ndi zala. Chepetsani mphamvu ya magetsi kapena akwezeni masentimita 15 mpaka 20 kuti masamba asamafune madzi omwe mizu siingapereke. Feteleza ayi. Kudulira ayi. Mbewu yotere imachira pang'onopang'ono, masiku 2 mpaka 5, ndipo chizindikiro ndi masamba atsopano a kunsonga, osati akale omwe mwina sadzawongokanso.

Masiku atatu akatha mphika ukadali wolemera ndipo palibe kusintha, muyenera kuiona mizu ndi maso. Ikani chikhatho pamwamba pa dothi, tsinde lili pakati pa zala, tembenuzani mphika n'kuugogoda pang'ono kuti dothi lituluke lathunthu. Mizu yabwino ndi yoyera kapena yotuwa pang'ono, yolimba, yonunkhira dothi. Yowola ndi yofiirira, yoterera, yonunkha zovunda, ndipo mukaikoka ndi zala khungu lake limavuuka n'kutsala kaulusi pakati. Amene amachita zimenezi kawirikawiri ndi Pythium, kachilombo kokonda madzi ofunda osayenda.

Ngati mizu yoyera yatsala yoposa theka, mbewu ingapulumuke. Dulani yowola ndi lumo kapena sizasi yopukutidwa ndi sipiriti, sansani dothi lonyowa lomwe likugwa lokha, n'kuwokera m'dothi latsopano mu mphika woyera wosakula kwambiri kuposa mizu yotsalayo. Chotsani masamba akuluakulu angapo a m'munsi kuti katundu achepe, thirani madzi ochepa ongonyowetsa pozungulira mizu, ndipo muisunge pa kuwala kochepa kwa sabata imodzi. Ngati yowola ndiyo yambiri, kapena kuwola kwakwera mpaka patsinde, izuleni. Kuisunga n'kufalitsa matenda kwa zinzake kudzera m'madzi otuluka pansi pa mphika.

Dothi lenilenilo ndilo limayambitsa zambiri. Dothi la kudambo lamakande likaikidwa mu mphika limamatana, la mchenga wokhawokha wa m'mbali mwa nyanja silisunga madzi. Chosakaniza chomwe chimagwira bwino ndi magawo awiri a dothi lachonde la pamwamba, gawo limodzi la manyowa owolerana bwino, ndi gawo limodzi la mankhusu a mpunga owotcha pang'ono mpaka kuda koma osasanduka phulusa. Kuyesa kwake n'kosavuta: thirani madzi, ndipo ngati akhala pamwamba kupitirira mphindi imodzi osalowa, onjezerani mankhusu. Miyala yoika pansi pa mphika siithandiza madzi kutuluka monga ambiri amaganizira. Imangochepetsa malo a mizu.

Kutentha, magetsi ndi mphepo

Chamba chimakula bwino pa madigiri 24 mpaka 28 magetsi ali oyaka. Kupitirira 30 chimayamba kuvutika, ndipo cha m'ma 35 timabowo ta m'masamba timatsekeka, kukula kumaima. Chizindikiro chake chimasiyana ndi cha madzi: m'mphepete mwa masamba a pamwamba mumapindikira m'mwamba ngati bwato, ndipo ofota kwambiri ndi omwe ayandikira babu, pamene a m'munsi ali bwino. Pachikani choyezera kutentha pa msinkhu wa nsonga za mbewu, osati pakhoma. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pansonga kwa masekondi 30. Mukamva kuotcha, babu latsika kwambiri. Magetsi ambiri a LED amafuna mpata wa masentimita 45 mpaka 60, koma tsatirani zomwe wopanga walemba chifukwa mphamvu zimasiyana.

Kwa olima m'chipinda chotsekedwa, njira yotsika mtengo ndi kutembenuza usana ndi usiku. Mbewu ikamafuna maola 18 a kuwala, yatsani cha m'ma 4 koloko madzulo n'kuzimitsa 10 koloko m'mawa, kuti maola 6 a mdima agwere pa nthawi yotentha kwambiri. Ikamachita maluwa pa maola 12, yatsani 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Chipindacho chiyenera kukhala cha mdima weniweni masana, chifukwa kuwala kolowa pa ming'alu kumasokoneza maluwa. Pansi pa malata ikani siling'i kapena mphasa, ndipo mpweya wotentha utulukire pamwamba, wozizira ulowere m'munsi. M'shedi ya pulasitiki, neti ya mthunzi ya 30 mpaka 40 peresenti ndi mbali zotsegula zimathandiza kwambiri. Machubu ndi miphika yakuda padzuwa imaphika mizu; ikutireni ndi matumba oyera kapena muipake laimu.

Magetsi akathima mwadzidzidzi, choopsa si mdima, ndi fani yomwe yaima. Chipinda chotsekedwa chodzaza masamba chimatentha ndi kunyowa m'kanthawi kochepa. Ngati mphamvu ya sola kapena jenereta ndi yochepa, yambani mwapatsa fani yotulutsa mpweya, kenako babu laling'ono longosunga maola a kuwala. Tsiku lotere musathirire monga mwa masiku onse, popeza mbewu yomwe yakhala mumdima yamwa pang'ono.

Fani nayo imafotetsa mbewu ikaloza mbewu imodzi usana ndi usiku. Masamba a mbali yokhayo amapindika n'kuuma m'mphepete. Mphepo yoyenera ndi yongogwedeza masamba pang'ono. Chinyontho cha mumpweya chikhale 60 mpaka 70 peresenti kwa mbande, 50 mpaka 60 pokula, ndi 40 mpaka 50 pa maluwa. M'chilimwe chimatsika kwambiri, ndipo kuwaza madzi pansi pa simenti kumathandiza. Mu Januwale ndi Febuluwale vuto limatembenuka, mpweya umanyowa kwambiri moti maluwa amachita nguwi.

Mchere ndi feteleza

Madzi a m'mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire amakhala ndi mchere. Mu mphika, pomwe mvula siifika kuti itsuke, mcherewo umaunjikana ndi wa feteleza mpaka dothi limayamba kukanganirana madzi ndi mizu. Mbewu imafota dothi lili lonyowa, nsonga za masamba zimapsa, ndipo m'mphepete mwa mphika ndi pa mabowo mumaoneka zoyera zouma. Mlimi wa chiphaso asakhale wopanda kachipangizo koyezera EC (muyezo wa kuchuluka kwa mchere m'madzi) ndi koyezera pH (muyezo wa asidi m'dothi kapena m'madzi). N'tizipangizo tating'ono totsika mtengo poyerekeza ndi mbewu imodzi yotayika. Madzi othirira a EC yoposa 0.7 mS/cm asanathiridwe feteleza ndi ofunika kusakaniza ndi a mvula. EC ya madzi otuluka pansi pa mphika ikamaposa 3.0 mS/cm, dothi lalemedwa. Pa pH, m'dothi khalani pakati pa 6.0 ndi 6.8.

Nayitirojeni wochuluka ali ndi nkhope yakeyake. Masamba amakhala obiriwira moderako, onyezimira, ndipo nsonga zokha ndizo zimapindikira pansi molimba, tsamba lonse osalefuka. Zimachitika kwambiri ndi Urea kapena zitosi za nkhuku zosawolerana. Mankhwala a zonse ziwirizi ndi kutsuka: thirani pang'onopang'ono madzi abwino okwana kawiri kapena katatu kukula kwa mphika, kutanthauza malita 30 mpaka 45 pa mphika wa malita 15, n'kusiya aume mpaka kulemera kutsike. Poyambiranso feteleza, yambani ndi theka la muyezo. Koma onetsetsani kaye kuti mizu siyowola ndipo dothi limatulutsa madzi, chifukwa kutsuka mbewu yomira kale n'kuipha. Kuti zisabwerenso, pothirira paliponse lolani kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi litulukire pansi, ndipo mutaye.

Zofota chifukwa cha kuwokera zimadzuka zokha m'masiku awiri kapena atatu ngati mwachepetsa kuwala. Mbewu yomwe mizu yadzaza mphika imafota tsiku lililonse ngakhale mwathirira m'mawa. Mukatulutsa mumapeza mizu itazungulirazungulira khoma. Imasuleni pang'ono ndi zala, muikire mphika waukulu kawiri.

Pamene si madzi

Pali kufota komwe sikutsata ndondomeko zonsezi: nthambi imodzi kapena mbali imodzi ya mbewu yagwa, ina ili bwino, dothi lili mwa muyezo. Yambani mwafufuza thunthu ngati lathyoka kapena lamangidwa kwambiri ndi chingwe. Ngati palibe, dulani nthambi yofotayo n'kuing'amba. M'kati mukakhala mofiirira mmalo moyera, kawirikawiri ndi matenda a m'dothi otchedwa Fusarium, omwe amatseka njira za madzi m'thunthu. Alibe mankhwala ochiza. Chimodzimodzi mukaona ulusi woyera patsinde pafupi ndi dothi, wokhala ndi timibulu tofiirira tating'ono. Amenewo ndi matenda a Sclerotium omwe amagwiranso mtedza ndi tomato, ndipo amakonda kutentha konyowa ngati kwa kuno. Zulani mbewu yonse ndi dothi lake, muike m'thumba musanadutse nayo pakati pa zinzake, mukaotche, ndipo mulembe m'kaundula wa munda. Mphika muutsuke ndi sopo, kenako muuviike mphindi 30 mu gawo limodzi la Jik pa magawo 9 a madzi, n'kutsukuluza.

Mizu yokhala ndi timatuza totupa ikusonyeza manematodi, tinyongolotsi ta m'dothi tosaoneka ndi maso, omwe alimi a fodya ndi tomato amawadziwa bwino, ndipo amachuluka m'dothi lamchenga. Amabwera ndi dothi lotapa m'dimba. Dzuwa la Okutobala lomwe limavutitsa mbewu limathandiza pano: yalani dothi lonyowa lokhuthala masentimita 15 mpaka 20, phimbani ndi pulasitiki yoonekera mkati, tsekani m'mphepete ndi dothi, musiye masabata 4 mpaka 6 musanadzaze m'miphika.

Tintchentche takuda touluka mukagwedeza mphika timasonyeza kuti pamwamba pa dothi sipauma. Mphutsi zake zimadya timizu ta mbande ndi kutsegulira matenda njira. Lolani masentimita 3 apamwamba aziuma, ikani mapepala omata achikasu, ndipo mchenga wouma wa sentimita imodzi pamwamba umatilepheretsa kuikira mazira. Tembenuzaninso masamba: timadontho totuwa pamwamba ndi kaulusi kunsi ndi kangaude wofiira, yemwe amaswana msanga kukatentha ndi kuuma. Miphika yokhala padothi lenileni yang'aniraninso chiswe cholowera pa mabowo. Musapope mankhwala ophera tizilombo mwachisawawa, chifukwa chamba cha mankhwala chimayezedwa zotsalira, ndipo kupopa kumodzi pa nthawi ya maluwa kungakanitse zokolola zonse kwa wogula. Funsani kaye wogula wanu kapena mlangizi za mankhwala ololedwa.

Mukasintha kanthu, sinthani chimodzi n'kudikira maola 48. Wothirira, kutsuka, kuthira feteleza, kukweza babu ndi kuwokera tsiku limodzi sadziwa chomwe chathandiza kapena chomwe chapha. Pa mphika uliwonse wodwala mamatizani kapepala kokhala ndi tsiku lothirira, malita, kulemera kwa mphika ndi kutentha kwa masana, ndipo ngati othirira ndi angapo, aliyense awerenge kapepalako asanapendeketse kheni.